Mapazi awiri a Lancelot

Pali dandaulo lomwe silikutha pakati pa anthu okonda mabuku a nkhani zamatsenga, aja a zinjoka zouluka, mafumu osafa ndi malupanga okhala ndi mayina. Akuti mabukuwa aonongeka. Akuti kale munkapezamo nkhondo, mapu, mbiri ya maufumu ndi tsatanetsatane womangika bwino, koma lero mukatsegula buku la masamba 600, masamba 400 ndi anthu awiri akuyang'anizana, akukangana, akunamizira kudana, mpaka kenako n'kupsompsonana. Mtundu umenewu anaupatsa dzina loti romantasy, polumikiza mawu awiri a Chingerezi, romance ndi fantasy. Odandaulawo amalitchula dzinali ngati munthu amene watafuna mchenga mumpunga.

Ine mabuku amenewa ndimawawerenga, ndipo ndimawakonda. Ndikafika pamutu womwe akuluakulu a nkhondo akufotokozerana za malire, chala chimathamanga pafoni. Ndikafika pomwe awiri aja atsala okha, ndimawerenga pang'onopang'ono, mwina kawiri. Koma zokonda zanga si umboni wa kanthu. Chomwe chimandivuta m'dandaulo lija ndi mbiri yake. Limayankhula ngati chikondi ndi mlendo wobwera dzulo amene walanda nyumba ya eni. Mukabwerera m'mbuyo mupeza kuti chikondicho chinalipo pomwe maziko ankakumbidwa. Chatsopano ndi lamulo loti chizikhala pakhonde.

Tiyambire ku Africa konkuno. M'zaka za m'ma 100 Yesu atabadwa, ku Madauros, tauni yomwe mabwinja ake ali ku Algeria lero, kunabadwa munthu wina dzina lake Apuleius. Analemba m'Chilatini buku la mnyamata amene anasanduka bulu atadzola mankhwala a eni ake. Pakati pa bukulo pali nthano ya Cupid ndi Psyche. Psyche anali wokongola mpaka mulungu wamkazi Venus kuchita naye nsanje. Anapezeka ali m'nyumba yachifumu yopanda munthu wooneka, momwe mwamuna wake ankangobwera usiku mumdima, ndi lamulo limodzi lokha: asayerekeze kuona nkhope yake. Azikulu ake anamuuza kuti ameneyo ndi chinjoka, tsiku lina adzakumeza. Psyche anayatsa nyali, n'kupeza kuti wagona pambali pakeyo ndi mulungu wachikondi mwini wake. Dontho la mafuta otentha linagwera paphewa la mwamunayo, iye n'kudzidzimuka, n'kuthawa. Kuti amupezenso, apongozi ake, omwe ndi Venus yemwe uja, anamupatsa mayeso: kusankhula mulu wa mbewu zosakanikirana (nyerere zinamumvera chisoni), kukatenga ubweya wa nkhosa zolusa, mpaka kutsikira kudziko la akufa.

Mwamuna woopsa wobisa nkhope, nyumba yokongola yomwe ilinso ndende, mayeso, kutsikira kumdima chifukwa cha wokondedwa. Aliyense amene anawerengako Sarah J. Maas akugwedeza mutu pano. Zimenezi zinalembedwa zaka zoposa 1,800 zapitazo. Ndipo chomwe chimandigwira mtima ndi amene akuikamba nthanoyi m'bukumo: gogo wina wophikira achifwamba, akuiuza mtsikana amene wabedwa patsiku la ukwati wake, yemwe akulira m'phanga. Gogoyo akufuna kuti mwanayo aiwale kaye pomwe ali.

Tidumphe zaka 1,000, tifike ku France. Cha m'ma 1170 ndi 1180, mlakatuli Chrétien de Troyes ankalemba nkhani za asilikali apakavalo a Mfumu Arthur. Imodzi mwa izo, ya Lancelot, ndiyo yoyamba yomwe tili nayo yonena za chibwenzi cha Lancelot ndi Guinevere, mkazi wa Arthur. Chrétien akunena yekha kumayambiriro kuti mutu wa nkhaniyo ndi tanthauzo lake anachita kupatsidwa ndi Marie, mayi wolamulira dera la Champagne, mwana wa Eleanor wa ku Aquitaine. Mwachidule, mayi wandalama anaitanitsa nkhani yomwe ankafuna kuimva.

Nkhaniyo ili chonchi. Guinevere wabedwa ndi Meleagant. Lancelot akuthamangira, hatchi yake n'kufera panjira. Ali wapansi choncho, akukumana ndi kamunthu kakafupi koyendetsa ngolo. Malinga ndi nkhaniyo, ngolo yotere inali yokwezamo akuba ndi opha anthu, kuwazungulitsa m'misewu kuti aliyense awaone, ndipo wokweramo ulemu wake unkathera pomwepo. Kamunthuko kakuti, kwera, udziwa komwe kuli mfumukazi. Lancelot anazengereza mapazi awiri okha, kenako anakwera. Mnzake Gawain anakana, anangotsatira pambuyo ali pahatchi yake.

Zomwe Lancelot anadutsamo pambuyo pake n'zosasimbika. Anawoloka mlatho womwe unali lupanga lakuthwa, akukwawa ndi manja ndi mapazi opanda chovala, magazi ali chuchuchu. Atapeza chipeso chokhala ndi tsitsi la Guinevere anangotsala pang'ono kukomoka. Pomenyana ndi Meleagant, atangoona Guinevere pazenera, anatembenuka n'kumamenya nkhondo chafutambuyo kuti maso asachoke pa iye. Ndiye atamuombola, Guinevere anakana kumuyankhula. Anangomufulatira basi. Chifukwa chake chinadzamveka pambuyo: mapazi awiri aja. Munthu wondikonda zenizeni, akanaima kuganizira za ulemu wake?

Tsatanetsatane wa nkhaniyi, kunena chilungamo, ndi wophwasuka. Anthu amangotulukira n'kusowa, dzina la Lancelot silitchulidwa mpaka nkhani itafika pakati, ndipo Chrétien mwini wake anaisiya panjira, anaimaliza ndi munthu wina, Godefroi de Leigni. Koma zaka 800 zadutsa anthu akukumbukirabe mapazi awiriwo. Mlatho, ngolo, nkhondo, zonsezo zilipo kuti ziyeze chinthu chimodzi, kuti munthuyu amakonda mpaka pati.

Chrétien sanali yekha. Nthawi yomweyo kunali Marie de France, mayi amene analemba za Lanval, msilikali wosauka woiwalidwa ndi mfumu, yemwe anakondedwa ndi mkazi wa kudziko lamatsenga. Pamapeto pake mkaziyo ndiye akubwera pabwalo la milandu kudzamupulumutsa, mwamunayo n'kudumphira kumbuyo kwa hatchi yake, ulendo wa ku Avalon. Kunalinso Tristan ndi Iseult, omwe anamwa kondaine mosadziwa ali m'ngalawa, kondaine yemwe anakonzedwera Iseult ndi Mfumu Mark, malume ake a Tristan. Azungu nawonso anali ndi nkhani za kondaine, eti.

Ngakhale liwu lenilenilo loti romance likuchokera kumeneku. M'Chifalansa chakale, romanz chinali chiyankhulo cha anthu wamba, kusiyanitsa ndi Chilatini cha ansembe ndi ophunzira. Nkhani zolembedwa m'chiyankhulo chimenecho, za asilikali, mfiti, zimphona ndi zibwenzi, zinatengera dzina lomwelo. Kwa zaka mazana angapo, Mngerezi akati romance ankatanthauza nkhani yodzaza zozizwitsa, zomwe lero timati fantasy, chikondi chili momwemo. Amene anapeka liwu loti romantasy anangomata zidutswa ziwiri za chikho chomwe kale chinali chimodzi.

Sindikunena kuti nkhani za nkhondo zokhazokha n'zatsopano ayi. Beowulf ndi wakale kuposa Lancelot, muli chinjoka, mulibe chibwenzi. Mitsinje yonse iwiri ndi yakale. Koma umodzi wokha ndiwo umene owerenga ake akhala akupepesa.

Kunyozako nakonso kuli ndi mbiri. Teresa wa ku Ávila, sisitere wa ku Spain wobadwa mu 1515 yemwe pano ndi woyera mtima, analemba m'mbiri ya moyo wake kuti ali mtsikana ankawerenga mabuku a asilikali apakavalo limodzi ndi amayi ake, mobisira bambo ake, ndipo atakula anaziwerengera ngati cholakwa. Mu 1605 Cervantes anatulutsa Don Quixote, nkhani ya bambo amene anapenga chifukwa chowerenga mabuku omwewo, moti wansembe ndi wometa tsitsi wa m'mudzimo akukhala pansi kusankha oti atenthedwe. Mu 1856 George Eliot, yemwe anali mkazi wolemba ndi dzina lachimuna, analemba nkhani yoseka mabuku opepera olembedwa ndi amayi. Ena mwa mabuku omwe ankawasekawo analidi opepera. Koma taonani momwe chala chinasunthira: kuchoka pa bambo wopenga, kufika pa amayi ndi atsikana, ndipo sichinachokeponso.

Chikhalirecho amayiwo sanasiye kulemba. Mu 1740 Gabrielle-Suzanne de Villeneuve anatulutsa nkhani ya Chiphadzuwa ndi Chilombo, yomwe ambiri timaidziwira pa katuni ya Disney. Yake inali yaitali, ya akuluakulu, ndipo chilombocho usiku uliwonse chinkafunsa mtsikanayo ngati angagone nacho. Mu 1756 Jeanne-Marie Leprince de Beaumont, yemwe ankaphunzitsa ana a anthu olemera ku London, anaifupikitsa n'kuiyeretsa, funso lija n'kukhala la ukwati. Akatswiri ambiri amaiwerenga nthanoyi poganizira maukwati ochita kukonzeredwa a nthawi imeneyo. Mtsikana ankaperekedwa kwa mwamuna wosamudziwa, nthawi zina wamkulu kwambiri, kaamba ka chuma kapena ngongole za bambo ake. Nthano inkamuuza kuti usaope, mwina mkati mwa chilombocho muli munthu.

Apa pokha ndiye ndimakumbukira nthano zathu, chifukwa nafenso tili ndi mkwati wachinyama, koma amayenda chobwerera. Mtsikana wokana amuna onse a m'mudzi amalola mlendo wooneka bwino, n'kupita naye kwawo. Kamlongo kake kodwala maso, komwe iye ankakaingitsa, ndiko kamamva usiku afisi akuzungulira nyumba, akudikira kuti mkwatibwi anenepe. Kamasema nguli, kamamukweza mlongo wake m'dengu, n'kuuluka naye kubwerera kwawo. Kwa Villeneuve chilombo chimasanduka mwamuna. Kwa agogo athu mwamuna amasanduka chilombo. Mantha ake ndi amodzi, a mtsikana wopita kukagona m'nyumba ya munthu amene sakumudziwa.

Nanga chikho chija chinasweka liti? Makamaka m'zaka za m'ma 1900, ndipo anachiswa ndi amalonda. Mu 1908 Gerald Mills ndi Charles Boon anatsegula kampani yosindikiza mabuku ku London. Poyamba ankasindikiza chilichonse, koma pofika m'ma 1930 anali ataona komwe kuli ndalama. Kampani ya Harlequin ya ku Canada, yomwe inayamba mu 1949, inawagula mu 1971. Mabuku awo anali a madokotala, anamwino ndi mabwana olemera. Munalibe mfiti, munalibe chinjoka. Azakhali athu omwe anadutsa kusekondale zogonera konko amawakumbukira bwino, momwe ankayendera m'manja limodzi ndi a Pacesetters mpaka chikuto kuthothoka.

Mbali inayi kunabwera J.R.R. Tolkien ndi The Lord of the Rings mu 1954 ndi 1955. Bukulo litatuluka lachikuto chofewa ku America mu 1965, ophunzira a m'mayunivesite analilandira ndi manja awiri. Mu 1977 The Sword of Shannara la Terry Brooks linagulidwa kwambiri, osindikiza n'kuzindikira kuti chikombole chapezeka: mapu kutsogolo, mfumu yamdima, gulu la amuna paulendo, mabuku atatu. Masitolo anagawa mashelefu, uku za amuna, uku za akazi. Ndiye fantasy yeniyeni yomwe anthu akuilirayo, monga shelefu yapayokha, ndi yamsinkhu wa makolo athu.

Tolkien mwini wakeyo ndi mboni yovuta kwa odandaula aja. N'zoona kuti nkhani ya Aragorn ndi Arwen anaikankhira kumapeto, m'zowonjezera zomwe ambiri sawerenga. Koma nkhani yomwe inali pamtima pake ndi ya Beren ndi Lúthien. Beren ndi munthu wamba woti adzafa, Lúthien ndi mwana wa mfumu ya anthu osafa. Bambo wa mtsikanayo, pofuna kumuthamangitsa mnyamatayo, anatchula malowolo osatheka, mwala wowala wa pachisoti cha mdani woopsa kuposa onse. Lúthien anatsekeredwa m'nyumba yapamtengo, anathawa, anakamutulutsa Beren m'ndende, anagoneka mdaniyo ndi nyimbo, ndipo pamapeto pake anasankha kukhala wakufa kuti asasiyane naye. Itatuluka lero ndi dzina la mayi pachikuto, ikanaikidwa pashelefu iti? Kumanda a Wolvercote ku Oxford, pachiliza cha Tolkien ndi mkazi wake Edith, pansi pa dzina la mkaziyo panalembedwa Lúthien, pansi pa lake Beren.

Mu 1984 Janice Radway anachita chinthu chomwe onyoza sankachita, anapita kukawafunsa owerengawo. Buku lake, Reading the Romance, linachokera pa amayi 42 a m'tauni ina ya ku America omwe ankagula mabuku kwa mayi mmodzi wowalangiza oti awerenge. Ambiri anali apabanja, osamalira ena tsiku lonse. Anamuuza kuti akagwira buku, ndiye kuti nthawi imeneyo ndi yawo, apabanja adikire kaye. Ndipo sankangomeza zilizonse. Ankafuna mpangankhani wamkazi wanzeru, ndi mwamuna wamphamvu koma wodziwa kusamala, ndipo ankadana ndi mabuku ankhanza zopitirira. Radway sanawaombere m'manja kotheratu, ankaopa kuti bukulo limatonthoza mayi popanda kusintha chomwe chamutopetsa. Nkhawa imeneyo ndimaimvetsa. Komabe chithunzi chake n'chomwe chija cha Apuleius, gogo ndi mtsikana m'phanga.

Kumatanso kwa chikhocho kunachitika pang'onopang'ono. Robin McKinley analembanso nthano ya Chiphadzuwa ndi Chilombo ngati buku lathunthu mu 1978. Twilight ya Stephenie Meyer mu 2005 inaonetsa osindikiza kuchuluka kwa atsikana ofuna chibwenzi chokhala ndi mano. Sarah J. Maas anayamba kulemba Throne of Glass ali ndi zaka 16, akuika mitu yake pa FictionPress kuti anthu aziwerenga ulere, bukulo lisanasindikizidwe mu 2012. A Court of Thorns and Roses inatuluka mu 2015. Mmenemo Feyre akupha mmbulu womwe sunali mmbulu, akutengedwa ndi Tamlin, mwamuna wa chigoba chosachoka kumaso, kenako akutsikira pansi pa phiri kukakumana ndi mayeso atatu kuti amuombole. Penapake akuuzidwa kutola nyemba zing'onozing'ono m'phulusa. Psyche akanamuuza kuti aitane nyerere.

Kenako kunabwera Covid-19, anthu n'kutsekeredwa m'nyumba, ndi TikTok, komwe atsikana anayamba kudzijambula akulira ndi buku m'manja. Mu 2023 Rebecca Yarros, yemwe anali atalemba kale mabuku ambiri achikondi opanda matsenga, anatulutsa Fourth Wing. Violet, mtsikana wa mfundo zosachedwa kugumuka, akukakamizidwa ndi amayi ake, omwe ndi mkulu wa asilikali, kulowa sukulu ya okwera zinjoka komwe ophunzira amafa ngati ntchentche. Kumeneko kuli Xaden, mwana wa mtsogoleri wa oukira boma omwe amayi ake a Violet anathandiza kugonjetsa. Matenda a Violet ndi ofanana ndi a Yarros mwini wake, otchedwa Ehlers-Danlos. Buku lachitatu, Onyx Storm, litatuluka mu Januwale 2025, wosindikiza analengeza kuti lagulidwa makope 2.7 miliyoni m'sabata yoyamba yokha.

Tsono tibwerere ku mawu aja oti mulibe tsatanetsatane. Kusukulu anatiphunzitsa kuti tsatanetsatane ndi mndandanda wa zochitika, china kubala chinzake. Sanatiuze kuti zochitikazo zikuyenera kukhala ndi mikondo. Kukhulupirira munthu ndi chochitika. Kuzindikira kuti anakubisira kanthu ndi chochitika. Mu Fourth Wing (amene simunawerenge, pepani, kuyambira pano ndiulula), chinsinsi chachikulu n'chakuti boma lakhala likunamiza anthu ake za mdani weniweni. Chinsinsi chotere chili m'mabuku ambirimbiri. Chimapweteka pano chifukwa Xaden ankachidziwa nthawi yonse yomwe Violet ankamutsegulira mtima. Ndi mapazi awiri aja, angovala zina.

Pali pomwe odandaula akunena zoona, ndipo sindibisa. Mayiko ena a m'mabukuwa ndi opyapyala ngati nsalu yakumbuyo kwa sewero. Munthu wa zaka 500 amayankhula ngati mnyamata wa payunivesite ku America. Mabuku ena a masamba 700 akanakwana 300. Koma chomwe chimandidetsa nkhawa kuposa zonsezi, chomwe odandaulawo sachitchula kawirikawiri, ndi mwamuna wansanje. Wolondalonda, wolamula, woopseza aliyense woyandikira mkazi wake, bukulo n'kumatiuza kuti chimenecho ndiye chikondi chozama. Tonse tikudziwa mnzathu mmodzi yemwe chibwenzi chake chimamufufuza foni, chimamuletsa anzake, iye n'kumati ndiye kuti amandikonda. Buku lomupaka mafuta munthu wotereyo silindisangalatsa, kaya zinjoka zake ziuluke bwanji.

N'chifukwa chake pa mabuku onse a Maas ndimalemekeza kwambiri lachiwiri, A Court of Mist and Fury la 2016. Loyamba linathera pomwe Villeneuve anathera, temberero latha, chigoba chagwa, chilombo chasanduka mwamuna. Lachiwiri likuyamba patapita miyezi itatu. Feyre sakugona, akusanza usiku chifukwa cha zomwe anachita pansi pa phiri paja, akuonda, ndipo Tamlin sakufunsa. Akumugulira madiresi, akumuikira alonda, akumukaniza kutuluka, zonse m'dzina lomuteteza. Owerenga omwe anathera buku lathunthu akumukonda Tamlin anayenera kubwerera m'mbuyo n'kuona kuti ukali womwewo unalipo kuyambira pachiyambi, iwo ankangouwerenga ngati chikondi. Apa Maas anachoka kwa Villeneuve n'kufika kwa agogo athu, kwa mkwati amene usiku amamera ubweya. Tsiku lomwe Tamlin anamutsekera m'nyumba ndi matsenga n'kuchokapo, Feyre anagwa pansi, mpweya ukumuthera. Kunalibe kamlongo kosema nguli. Anabwera ndi Mor, mkazi mnzake, anamunyamula m'manja n'kutuluka naye.